Kachipangizo Kosadziwika Kakuyenda Nanu

Kuntchito ankamutchula kuti Nasimbi, chifukwa kuyambira m'mawa mpaka nthawi yoweruka dzanja lake silinkachoka pa simbi. Malo ochapira zovalawo anali kuseri kwa msewu waukulu, pakati pa sitolo ya penti ndi kachipatala ka mano. Mkati munali makina anayi ochapira, awiri owumitsira, tebulo lalitali lositirapo, ndi masuti a anthu amene iye sankawadziwa nkhope koma ankawadziwa thukuta. Anali atagwirapo miyezi isanu. Anzake ankadziwa kuti ali ndi mwana mmodzi wamkazi, Nunu, wa zaka zisanu ndi ziwiri, ndiponso kuti sakonda kujambulidwa. Zoti anathawa mwamuna dzanja lamanzere lili m'chikhakha ankazidziwa mkulu wake yekha, amene ankakhala tauni ina.

Ankachita lendi chipinda chimodzi kumpanda kwa bambo ena okalamba. Chinali chipinda chabwino ndithu, kungoti zenera lake linkakana kutsekeka, moti ankalimanga ndi waya. Tsiku lina pochokera kuntchito analipeza likutsekeka bwinobwino, ndipo mumtima anawathokoza alandilodi.

Phokoso la makina linkamugonthetsa m'khutu, ndiye Lolemba lina anadzigulira timahedifoni topanda waya kwa Anti Tchaja. Amenewa anali mayi a thupi lawo, a magalasi awiri, ena pamaso ena pamutu, ndipo kashopu kawo kanali pansi pa masitepe a nyumba yosanja. Makava a foni ankalendewera ngati zovala pachingwe. Panalibe chipangizo chimene Anti analibe nacho mawu. Foni ina ankati ndi mlamu, imatentha popanda chifukwa. Pawabanki ina ankati ndi wofunsira mbeta, malonjezo mbwee koma pofika masana wagona.

"Bulutufu musamazimitse," anatero akumulumikizira timahedifonito. "Sadya batire. Chodya batire ndi miseche ya m'magulu mwanumo."

Lachinayi, cha m'ma teni koloko, Nasimbi akusita malaya oyera, nyimbo inaduka m'khutu mwake ndipo foni inanjenjemera m'thumba la epuloni. Anaitulutsa. Pasikirini panali uthenga umene sunachokere kwa munthu aliyense. Unali wa foni yomweyo, waulemu ngati kalata ya ku ofesi: kachipangizo kosadziwika kakuyenda nanu, ndipo mwini wake akhoza kuona pamene muli.

Poyamba anaganiza kuti ndi akuba a pafoni aja. Anafuna kuufufuta, koma chala chinaphonya n'kuutsegula. Panatuluka mapu, ndipo pamapupo panali timadontho tofiira tondondozana ngati nyerere. Anayang'anitsitsa. Anazindikira njira yokhota ya kumpanda kwawo, pamphambano pamene amagula buledi, kamlatho ka ngalande, kenako geti la sukulu ya Nunu.

"Iwe, malaya a eni ake," anatero mnzake wa pa makina owumitsira, akukankha simbi.

Pakolala panali patayamba kufiira. Nasimbi sanapaone n'komwe. Anavula epuloni, n'kuuza abwana kuti wadwala mwadzidzidzi, ndipo nkhope yake inamuchitira umboni.

Anti Tchaja anawapeza akumata galasi pa foni ya kasitomala. Anadikira kuti munthuyo achoke, kenako anangowapatsa foni. Anti anatsitsa magalasi apamutu aja n'kuwasanjikiza pa enawo. Anawerenga kawiri. Nthabwala zonse zinawathera.

"Khalani pansi, mwanangu," anatero, akumukokera kampando ka pulasitiki. Anatsegula dirowa n'kutulutsa kanthu kozungulira, kopyapyala, kongofanana ndi batani la jasi. "Ndi kotere. Anthu amagula kuti azimangirira ku makiyi kapena kuika mu sutikesi. Kalibe simu, sikafuna kutchaja, kabatire kake kamatha chaka. Kamanong'oneza foni iliyonse imene kayandikana nayo, foniyo n'kukauza mwini wake kuti kali pakuti. Ndimagulitsa, koma sindikakonda. Mwa anthu khumi ogula, atatu safunsa za makiyi."

"Ndiye kali mufonimu?"

"Ayi. Kali pa chinthu chimene mumayenda nacho. Khuthulani chikwama."

Anakhuthulira pa kauntala: chipeso, makiyi, mankhwala a mutu, ambulera yopinda, kabotolo ka mafuta. Anti anapapasa msoko uliwonse, anamuvulitsa nsapato, anafinya kolala ya juzi. Kenako anadina pamene panalembedwa kuti kachipangizoko kalire. Anazimitsa wailesi, onse awiri n'kutchera khutu. Kunja kunkadutsa magalimoto, pamasitepe wina ankatsika akukhosomola. Foni inayankha kuti kachipangizoko kali kutali.

Anti anabwerera pamapu paja, akukuza ndi zala ziwiri.

"Taonani. M'mawa kachoka apa kufika apa. Masana kachoka apa kubwerera apa. Kuntchito kwanu sikanafikeko ngakhale kamodzi. Apa ndi pati?"

"Ndi kusukulu."

"Mumamuperekeza nokha mwana?"

Nasimbi anavomera ndi mutu.

"Ndiye kali ndi mwanayo. Wamupatsa chinthu ndani posachedwapa?"

Anakumbukira nthawi yomweyo. Masabata atatu apitawo apongozi ake anadandaula kwa mkulu wake kuti afa osamuona mdzukulu. Analira pafoni mpaka mkulu wakeyo anagonja. Anapangana kukumana pa depoti ya mabasi ya tauni ina, kutali ndi kumene Nasimbi ankakhala, ndipo iye anasintha mabasi awiri pobwerera. Apongoziwo anabwera okha, atanyamula chikwama cha kusukulu chapinki, cha msana wofewa. Nasimbi anafufuza matumba onse asanakwere basi. Munali mapensulo ndi masokosi basi.

"Masabata atatu," anatero Anti pang'onopang'ono. "Foni yanu yangoyamba kukamva Lolemba, titayatsa bulutufu. Koma mafoni a anthu ena akhala akukamva kuyambira tsiku loyamba. Mwini wake ndi ndani, mwanangu?"

"Bambo ake."

"Ndi munthu wotani?"

Funso limeneli Nasimbi sankatha kuliyankha bwino, ngakhale kwa abale ake. Bambo a Nunu anali munthu wokonza zinthu. Mipopi, maloko, magetsi, chilichonse. Sankamwa, sankakweza mawu, ndipo mkazi wake sanamutchulepo kuti iwe. Akamumenya, m'mawa mwake ankadzuka n'kukonza chitseko chimene chathyoka, akuimba mluzu, anthu oyandikana nawo n'kumati mkazi uyu ali ndi mwayi.

"Ndi munthu waulemu," anatero, n'kuonetsa dzanja lamanzere, pamene fupa linalumikizana mokhota.

Anti anayang'ana dzanjalo, n'kuyang'ana wotchi. Anatsitsa chitseko chachitsulo cha shopu n'kukhoma.

"Imbirani aphunzitsi ake tikuyenda."

Foni ya aphunzitsi inaitana mpaka kuduka. Inaitananso. Anakwera njinga zamoto ziwiri, Anti patsogolo chikwama chili pachifuwa. Pa maloboti panali mdipiti wa magalimoto, lole itafa pakati pa msewu, ndipo Nasimbi ankamenya phewa la woyendetsa ngati kuti phewalo ndiye mafuta. Ankadziuza kuti masabata atatu adutsa popanda kanthu, ndiye lero likhala ngati dzulo. Kenako ankadzifunsa kuti munthu wodziwa pamene ukugona n'kukhala chete masabata atatu amakhala akudikira chiyani.

Pageti panali alonda, bambo ochezeka amene ankamupatsa moni tsiku lililonse.

"Mwafulumiratu lero, mayi. Kapena mwapangana ndi bambo?"

"Bambo ati?"

"Bambo ake a Nunu. Munthu wabwino uja. Sabata yatha anatikonzera loko wa geti ili, osalandira kanthu. Amakonda kuima pamtengo apo nthawi yopuma, kumangoona ana akusewera. Lero ndiye alowa, ali ku ofesi ya ahedi."

Anti anamugwira Nasimbi pachigongono n'kumufinya mpaka kuwawa.

"Mwana kaye," anamunong'oneza. "Kalasi yake ili kuti?"

Njira ya ku kalasi inkadutsa pansi pa zenera la ofesi. Nasimbi sanafune kuyang'ana, koma maso anapita okha. Anawaona bambo a Nunu cham'mbali, atakhala mowongoka pa mpando wa alendo, malaya abuluu opisira bwino, envulopu ili pamaondo. Ankalankhula mofatsa, ndipo mawu ankatuluka pa magalasi otsegula.

"Ndikumvetsa, amayi, malamulo ndi malamulo. Koma kalata yobadwira ndi iyi, dzina langa ndi ili. Ndi dzino lokha limene likumuvuta mwana, dokotala akutidikira. Pofika nthawi yoweruka ndim'bweza."

"Ndayesa kuwaimbira mayi ake, foni ikungoti ili pa mzere wina," anayankha mawu a ahedi. "Tidikire pang'ono."

Nasimbi anawerama n'kudutsa. Kalasi inali yachitatu pakhonde. Ana ankalemba, mitu ili pansi, aphunzitsi akuyenda pakati pa madesiki. Nunu anali pa mzere wachiwiri, akuluma pensulo. Atamuona, Nasimbi anamva mpweya ukulowa m'chifuwa koyamba chichokereni kuntchito.

"Pepani amadamu, ndabwera kudzamutenga."

"Pali zovuta?"

Asanayankhe, Anti anali atadina kale pafoni. M'kalasi mwachetemo munamveka kulira kwakung'ono, tswii tswii tswii, ngati mwanapiye wotsekeredwa m'kabati. Ana anadzutsa mitu, ena n'kuseka. Kunkachokera pa mzere wa zikwama zopachikidwa kukhoma. Anti anayenda motsatira kulirako n'kuchotsa chapinki chija. Anapempha lezala yosongolera mapensulo, anang'amba msoko wa kumsana, napisa zala m'siponji. Kanatuluka kabatani koyera, kokutidwa ndi tepi yakuda kuti kasamveke kwambiri. Msokowo unali utasokedwanso mwaluso, ndi ulusi wapinki.

"Chikwama changa," anatero Nunu.

"Tikagula china. Gwira dzanja langa, usalisiye."

Atatuluka anawapeza bambo a Nunu ataima pakhonde, pakati pa kalasi ndi njira ya kugeti. Manja anali kumbuyo. Ankamwetulira ngati munthu amene wakumana ndi mnansi kumsika.

"Amake Nunu. Mwaondatu. Ntchito ya simbi ikukuvutani?"

Nasimbi anamukankhira mwana kumbuyo kwake.

"Nunu, sundipatsa moni?"

Mwanayo anabisa nkhope mu siketi ya mayi ake.

"Chabwino, ndi manyazi. Nanga zenera lija likutsekeka tsopano? Waya uja sunali bwino. Munthu aliyense akanatha kulowa."

Ananena mawuwa mokoma, ngati akufunsa za chimfine. Nasimbi anaona chipinda chake m'maganizo, bedi, ndowa, zovala zamkati zoyanikidwa kuseri kwa chitseko, ndi munthu uyu ataima pakati pake masana, akuyang'ana zonse mosafulumira. Anagwira chipilala.

Ahedi anali atatuluka mu ofesi. Anali mayi aafupi, a tsitsi la imvi lometa, ndipo anabwera n'kuima pakati pa awiriwo, ngakhale mutu wawo sunkafika paphewa la bamboyo.

"Mayi, pafomu munalemba kuti mwana asaperekedwe kwa wina aliyense. Mawu amenewo akadali choncho?"

"Akadali choncho," anatero Nasimbi. Mawu anatuluka ang'ono, koma anatuluka.

"Amayi, izi ndi za m'banja," anatero bambo a Nunu. "Mkazi wanga amadwaladwala maganizo. Sindikudziwa chimene wakuuzani."

"Sanandiuze kanthu. Ndikufunsa za ichi." Ahedi analoza kabatani kamene Anti ananyamula m'mwamba.

"Sindikukadziwa."

"Kakudziwani ndi iko," anatero Anti. Anakagunditsa kumsana kwa foni yawo, n'kudikira. "Toteretu timakhala ndi mwini, ndipo sitibisa. Taonani, katulutsa manambala omalizira a foni imene kanalembetsedwa. Ahedi, bambowa analemba nambala yawo m'buku la alendo?"

Alonda, amene anali atayandikira ndi buku lawo kukhwapa, analitsegula. Anti anawerenga manambala anayi mokweza, limodzilimodzi. Chala cha alonda chinkayenda papepala. Atafika kumapeto, onse atafanana, anatseka bukulo mwakachetechete, osayang'ana munthu.

Bambo a Nunu sanasinthe nkhope. Anangosiya kumwetulira, ndipo Nasimbi anaidziwa nkhope imeneyo, inali ija ya pambuyo pokhoma chitseko. Anayang'ana aphunzitsi amene anali pakhomo la kalasi, ana amene anadzaza mazenera, foni ya Anti imene tsopano inkajambula. Anapinda envulopu yawo kawiri n'kuiika m'thumba la malaya.

"Bambo saletsedwa kudziwa kumene kuli mwana wake," anatero. "Tionana, amake Nunu. Muzitseka bwino."

Anayenda kupita kugeti osathamanga. Anadzitsegulira okha.

Ahedi anawalowetsa mu ofesi, anakhoma, n'kuimbira apolisi. Nasimbi anapatsidwa madzi. Anti anakulunga kabatani kaja m'kapepala n'kukana kuchotsa batire. Anati kakhale kamoyo, mwini wake aone yekha pamapu kuti kalowa pa polisi.

Kumeneko anawalandira wapolisi wamkazi wa mawu okhuthala, amene analemba zonse osadula mawu, ndipo atafika pa dzanja anaimitsa cholembera n'kuligwira. Anafunsa ngati pali kalata ya kuchipatala. Inalipo, kwa mkulu wake. Cha m'ma fili koloko wapolisiyo ndi mnzake anamuperekeza kukatenga katundu, Nunu atatsala ndi Anti.

Alandilodi anali pakhonde akusenda lalanje. Ataona yunifolomu anaimirira.

"Achimwene anu aja? Anabwera kawiri. Anati mwawatuma kudzaona zenera, ndiye ndinawapatsa kiyi wapadera. Anandionetsa ndi chithunzi cha mwana. Kodi ndalakwitsa?"

Nasimbi analowa m'chipinda n'kuyamba kuchiona ndi maso ena. Mwendo wa tebulo umene unkagwedera unali utalimba. Babu la pakhomo, limene linapsa mwezi watha, linali latsopano. Mpeni wa kukhitchini, umene unali wobuntha chigulireni, unadula chala chake atangoukhudza. Zonsezi anali atazigwiritsa ntchito masiku onsewa osaganiza kanthu. Anaika zovala m'matumba awiri. Zina zonse anazisiya, ngakhale ketulo yamagetsi, chifukwa sankadziwanso chimene chatsegulidwapo ndi chimene sichinatsegulidwe.

Ali m'galimoto ya apolisi anawaimbira apongozi ake. Anayankha msanga, ngati ankadikira.

"Amayi, munkadziwa?"

Kunamveka kufwenthera.

"Anati n'kongotetezera mwana, masiku ano ana akusowa. Ine ndimangofuna banja libwerere, mwanangu. Ukwati ndi kupirira."

"Anasoka ndani?"

"Ndinasoka ndine. Iye sadziwa singano."

Nasimbi anadula foni. Wapolisi uja anamufunsa ngati mawu amenewo angawabwereze pepala lili patsogolo, ndipo iye anati angathe.

Anagona kwa Anti Tchaja masiku asanu ndi anayi, m'chipinda chodzaza makatoni a matchaja. Anti anafufuza chilichonse chimene anabwera nacho, nsapato za Nunu, chidole, ngakhale mpiringidzo wa ambulera. Anamusinthira nambala, anamutulutsa m'maakaunti onse akale amene mwamunayo anamutsegulira, ndipo anamuphunzitsa kufufuza yekha pafoni ngati pali kachipangizo pafupi. Kuyambira sabata imeneyo aliyense wofuna kabatani pashopu paja ankayamba wafunsidwa kuti akukamangirira ku chiyani, ndipo ena ankachoka atakwiya.

Kukhoti bambo a Nunu anabwera atavala tayi. Anavomera kuti kachipangizoko n'kawo, n'kunena kuti anachita chifukwa cha chikondi. Ahedi anachitira umboni, alonda ndi alandilodi nawonso, ndipo kalata ya kuchipatala inawerengedwa. Analamulidwa kuti asayandikire mayi kapena mwana, kunyumba, kusukulu kapena kuntchito, ndipo mlandu wolowa m'nyumba unaikidwa tsiku lina. Potuluka bamboyo anawagwirira chitseko amayi ena okalamba. Wapolisi uja anauza Nasimbi mosabisa kuti pepalalo ndi lamphamvu, koma pepala si khoma.

Abwana ake anali ndi mnzawo wa malo ochapira m'tauni ina, ndipo anamulembera kalata yabwino, osatchulamo za kolala ija. Ananyamuka Loweruka m'mawa. Anti anawaperekeza mpaka pakhomo la basi, anamupatsa Nunu chikwama chobiriwira cha msana wopanda siponji, n'kuuza Nasimbi kuti asawauze ngakhale iwo dzina la sukulu yatsopano.

Basi itatuluka m'tauni, Nasimbi anafufuza pafoni. Panalibe kanthu. Patapita mphindi khumi anafufuzanso. Nunu anali pazenera, akujambula ndi chala pagalasi.

"Amayi, ndikakuuzani chinthu simundikalipira?"

"Sindikukalipira."

"Adadi ankabwera kumpanda wa kusukulu. Kuseri kwa zimbudzi, pamene pali chibowo. Ankandipatsa bisiketi. Anati ndi chinsinsi chathu, ndikanena inu mudwalanso dzanja."

Nasimbi anayesetsa kuti mawu ake akhale a tsiku lililonse.

"Ankakufunsa chiyani?"

"Nthawi imene mumaweruka. Ndi ngati kunyumba kumabwera munthu. Ndi mbali ya bedi imene mumagona."

"Anabwera kangati?"

Nunu anatambasula dzanja n'kuyamba kupinda zala, akuganiza bwinobwino kuti asaname. Linatha dzanja limodzi, n'kuyamba linalo. Mayi amene anakhala mpando wa kutsogolo anatembenuka n'kumwetulira, poganiza kuti mwanayo akuphunzira masamu.

"Wachita bwino kundiuza," anatero Nasimbi, n'kumukokera pachifuwa. Ndi dzanja linalo anafufuza nambala ya wapolisi uja, n'kudikira kuti basi idutse paphiri pamene panalibe netiweki.